Fyuluta Yochapa

Aticha atatuluka m'chipatala sanalunjike kunyumba. Anakhala m'galimoto mwawo n'kumangoyang'ana mlonda akulozera anthu poimika. Dokotala anali atawauza mosapsatira kuti chotupa cha m'chiwindi chafalikira, ndipo zikayenda bwino atsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. Iwo anayankha kuti zikomo. Anadikira mantha, sanabwere. Misozi nayo inakana. Mumtima munangoti zii, ndipo chokhacho chimene chinawabwerera m'mutu n'chakuti fyuluta ya mpweya ya galimotoyo yapitirira nthawi yosinthira.

Akazi awo ankaganiza kuti apita kukatenga mankhwala a zilonda za m'mimba. Bodzali linali litayenda miyezi iwiri, ndipo lero linafunika kutha. Koma munthu umayambira pati?

Dzina la Aticha analipata chifukwa chophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto zaka makumi awiri ndi zisanu. Akazi awo omwe anaphunzitsidwa ndi iwo, ndipo ukwati unatsala pang'ono kuthera pa rivesi. Chiwongolero ankapatsa aliyense, koma boneti ayi. Pansi pa boneti panali pawo okha, ndipo woyerekeza kugwira ngakhale kachivindikiro ka madzi ankalandira ulaliki wa sabata yathunthu.

Musitolo ya masipeyala anapezamo mwini wake, bambo wa magalasi omanga ndi waya, amene ankadziwa kuumira kwa Aticha.

"Aticha! Fyuluta yapepala yomwe ija, yotchipa kuposa zonse?"

"Ndionetseni zimene muli nazo."

Mwini sitolo anachotsa magalasi n'kuyang'ana Aticha ngati waona mbuzi itavala nsapato. Anaika mabokosi awiri pakauntala. M'limodzi munali yapepala yoyera, yogwiritsa ntchito n'kutaya. M'linalo munali yofiira, ya nsalu ya thonje yopindapinda pakati pa timawaya.

"Iyi siitayidwa. Ikada mumachapa, kuyanika, kuipaka oilo wake, n'kubwezera. Injini imapuma bwino, mphamvu imawonjezeka."

"Mphamvu yakeyo ndi yoti woyendetsa saimva n'komwe. Musandinamize, ndakalamba."

"Chabwino, mwandigwira," anaseka mwini sitolo. "Koma pa kukhalitsa sindikunama. Funso ndi limodzi basi. Galimotoyi mukhala nayo zaka zingati? Ngati ndi chaka chimodzi, tengani yapepala, musataye ndalama. Ngati ndi zaka khumi, tengani yofiirayi."

Aticha anayang'ana mabokosiwo nthawi yaitali. Kumbuyo kwawo wina anali kufunsa za mababu, kunja wina akuliza hutala. Zonse ankazimva ngati zikuchitikira m'nyumba yoyandikana. Yapepala ikanawakwanira, n'kutsalako. Koma ikadzatha, akazi awo akanadzapita kwa amakanika a m'mbali mwa msewu, aja amapemerera fyuluta yakale ndi mpweya n'kunena kuti aika yatsopano.

"Yofiirayo. Ndi sopo wake, ndi oilo wake."

"Kodi lero kugwa mvula?" anafunsa mwini sitolo uku akukulunga.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka pang'ono. Akazi awo anali kusita pakhonde. Aticha anaimika galimoto pamthunzi wa mpanda, anatsegula boneti, n'kuitana.

"Amayi, tabwerani kuno. Mubwere ndi beseni."

"Mankhwala aja mwapeza?"

"Beseni ndi madzi. Asakhale otentha."

Mayiwo anazimitsa simbi n'kubwera, koma anaima patali monga mwa nthawi zonse. Aticha anawakodola kuti asendere. Anawalozera bokosi lakuda pambali pa injini ndi tingowe tinayi tolitsekera.

"Tsegulani."

"Ine? Mukufuna mundinene mpaka Loweruka?"

"Tsegulani, ndi chala chachikulu."

Anatsegula, natulutsa fyuluta yakale yodzaza fumbi ndi mapiko a tizilombo. Aticha anang'amba pulasitiki ya yatsopano n'kuwapatsa, pamodzi ndi botolo la sopo.

"Poperani mbali zonse. Mudikire pang'ono sopo alowe. Potsuka, madzi azilowera mbali yoyera n'kutulukira mbali yakuda, kuti fumbi libwerere kumene lachokera. Osakwecha ndi bulashi. Osafinya."

"Abambo, chinthuchi n'chatsopano. Fumbi lake lili kuti?"

Ankanena zoona. Fyulutayo inabwera yopakidwa kale oilo, yongofunika kuika. Mphunzitsi wa zaka zonsezo ankachapitsa chinthu choyera, ndipo oilo wabwinobwino ankatsikira m'beseni, madzi n'kufiira. Aticha anaona kupusa kwake, koma manyazi nawo sanabwere.

"Tsukani basi."

Atatsuka anaiimika pampando, pamthunzi. Mayiwo anafuna kuiika padzuwa kuti iume msanga, Aticha anakana. Anati dzuwa limaumitsa labala wa m'mbali, ndipo ikaikidwa yonyowa injini imamwa madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho anakhala pansi awiriwo, pasitepe ya khonde, kudikira nsalu kuti iume. Malaya osasita anali pomwepo patebulo, palibe anawakumbuka.

Mayiwo ankayang'ana mikono ya amuna awo, mmene wotchi inkaseweramo.

"Imachapidwa kangati?"

"Mmene timayendera ifemu, kamodzi pachaka. Fumbi likachuluka, kawiri."

"Ndiye kuchapa kwenikweni ndi chaka chamawa."

"Eya."

"Chaka chamawacho inu mudzakhala muli kuti?"

Aticha anayang'ana fyuluta ija. Madontho anali atasiya kugwa. Anayembekezera kuti mawu awatsamwa, koma anatuluka mosavuta, ngati akuuza wophunzira kuti akhotere kumanzere.

"Si zilonda za m'mimba. Ndi chotupa, chafalikira. Akuti miyezi isanu ndi umodzi."

Mayiwo sanakuwe. Anapukuta manja pachitenje, kenaka anapukutanso ngakhale anali ouma kale. Anakhala choncho mpaka mthunzi wa mpanda unafika pasitepe ya khonde. Atatero anadzuka, anakhudza nsalu ija ndi kuseri kwa dzanja, n'kutola kabotolo ka oilo.

"Yauma. Ndipake bwanji?"

"Kamzere kamodzi pamwamba pa khwinya lililonse. Pang'ono pokha, amafalikira yekha. Mukachulutsa amakalowa m'kati n'kusokoneza injini."

Anayamba khwinya loyamba bwinobwino, lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachisanu oilo anatuluka wambiri, n'kuyenderera mpaka m'chigongono. Anapitiriza, khwinya ndi khwinya, akuchulutsa paliponse, nkhope ataiweramitsa kuti isaoneke.

Aticha anaona zonse. Pakamwa panatseguka pokha kuti adzudzule, monga anachitira zaka zonsezo, koma anapatseka. Anagwira fyulutayo mbali inayo kuti isagwe.

"Mukukhoza, amayi," anatero. "Pitirizani."