Makobiri a padenga la Zebedee

Tangoganizani: kodi chisoti cha mafumu a ku Mangalande chimagwira ntchito yanji ku Wovwe?

Mukanamufunsa Emma, akanangotsonya. Chikwatiwireni wakhala akumva za mafumu amenewa kwa mwamuna wake, Zebedee, munthu wodziwa kuti mfumu yakuti inabereka yani, ina inataya ufumu chifukwa cha mkazi uti, koma wosadziwa tsiku lotsegulira madzi kumunda wake wa mpunga. Maliro a mfumukazi anawaonera pafoni misozi ili chuchuchu. Pamaliro a azakhali ake enieni anafika anthu akuchokera kumanda.

Tsiku lina Zebedee anabwera kuchokera ku Karonga Boma thukuta lili kamukamu, maso ali padenga. Mu minibasi anamva zoti makobiri akale obooka pakati aja, a njovu ziwiri ndi chisoti, pali mzungu amene akuwafuna, ndipo amene ali nawo wasiyana nawo umphawi.

Makobiriwo analipodi. Malemu Manase, bambo ake a Zebedee, pokhoma malata a nyumbayi anaona kuti makobiri achitsamunda atha ntchito kwacha itabwera. Msomali uliwonse anaupisa pabowo la khobiri lake, kuti mutu wake usang'ambe lata ndiponso madzi asalowe. Denga limenelo linapirira mphepo, linapirira ndi zivomezi zomwe.

"Amayi a Ipyana, zaka zonsezi takhala tikugona pansi pa chuma ngati mbuzi!" anatero Zebedee kwa mkazi wake.

"Mbuzi sisasula khola lake," anatero Emma. "Mitamboyo simukuiona? M'chipindamo muli mbewu."

Mbewuyo inali mpunga wa kilombero umene Emma anasunga m'matumba, kuwakaniza mavenda ngakhale pamene m'nyumba munalibe ndi sopo yemwe. Ikananyowa, chaka chimenecho panazale pakanamera udzu.

"Inu mbiri mumaidziwira kuti? Pa makobiri amenewa palembedwa dzina la mfumukazi yeniyeni."

"Ibwera kudzatifolerera mfumukaziyo?"

Zebedee anangotenga hamala. Munthu amene ankadandaula msana akangoona khasu, tsiku limenelo anakwera padenga ngati pusi. Anazula misomali mzere ndi mzere, n'kutsindika malatawo ndi miyala ndi zidutswa za njerwa. Atatsika anakhala pakhonde kukwecha makobiri ndi phulusa ndi mandimu, uku akuwauza ana kuti aziyamba kuzolowera kudya ndi foloko. M'mawa anavala jekete la kutchalitchi, ulendo wa ku Boma.

Mvula siyang'ana jekete. Masana mphepo inatsika kuchokera kumapiri, miyala ija n'kuyamba kugubuduka, gu! gu! Lata lina linanyamuka n'kukagwa mu nthochi za aneba. Otsalawo, okhala mabowo okhaokha, ankadontha ngati sefa. Emma anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kukoka matumba m'matope kupita nawo kukhitchini ya udzu, yomwe ija Zebedee ankati ikumuchititsa manyazi kwa alendo. Pokoka thumba lililonse ankatchula mfumu imodzi mwa mafumu a mwamuna wake, ndipo mawu amene ankaitchulira sangalembedwe pano. Thumba limene linali kukhoma analipeza madzi atalowa mpaka pansi.

Zebedee anatulukira dzuwa litapendeka, jekete litamatirira pathupi, kachikwama ka makobiri kakadali m'manja.

"Takulandirani, achuma," anatero Emma ali pakhomo la khitchini. "Galimoto mwaisiya pamsewu?"

Nkhani inatuluka movuta, ngati munga wa kuphazi. Mzungu uja panalibe amene anamuonapo. Aliyense anangomva kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina wa ku Songwe. Pomaliza Zebedee analowa m'sitolo ya Amini, wa ku Mangochi, wogulitsa malata ndi misomali, n'kumuyalira mbiri yonse ya mafumu m'Chichewa chothira Chingerezi. Amini anatembenuza khobiri limodzi n'kunena kuti oterewa sabata imeneyo abwera nawo anthu ambiri, ndipo akewa ndi opindika ndi hamala.

"Ndiye anakupatsani chiyani?"

"Anandifunsa ngati ndikufuna misomali yatsopano."

"Mwagula?"

"Ndagula."

"Chanzeru choyamba chikwatiraneni," anatero Emma. Analoza thumba lonyowa lija. "Limeneli mukalifotokozere mbiri, mwina liuma."

Anatenga hamala n'kumuikira mwamuna wake m'manja, jekete asanavule n'komwe. "Kwerani, mfumu. Mitambo ikubweranso."

Zebedee anakatola lata mu nthochi muja, aneba akuonerera manja ali m'chiuno. Anakwera. Anatenga msomali, kuupisa pabowo la khobiri, kukhoma. Wina, kupisa, kukhoma, monga anachitira bambo ake. Emma anaima pansi osachotsa diso, kuti pasapezeke khobiri lotsalira m'thumba la jekete.

Ku Wovwe, chisoti cha mafumu a ku Mangalande chimatchinga mvula pabowo la msomali.