Madesiki Aafupi

Madzi analowa pasukulu mu Malichi. Anagwetsa makalasi awiri, ena anayi n'kuwasiya opanda zitseko, matope ofika m'mawondo. Anagwetsanso nyumba ya kalipentala amene ankakhala kuseri kwa bwalo la mpira. Sabata yomweyo mkazi wake anatenga mwana wawo wamkazi n'kupita kwa makolo ake, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Sanakangane. Mkaziyo anangoti, "Mwanayu sangaphunzire pansi pa mtengo. Sukulu ikadzaima mudzatiuze."

Kalipentala anatsala ndi bokosi la zida, limene analipeza litakodwa pampanda.

Ntchito yokonza sukulu inayamba mu Juni chaka chotsatira. Sinali yokonza yokha. Sukuluyo inkalekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo tsopano anamanga makalasi ena awiri pamtunda, pamene madzi sanafike. Mwana wa kalipentala anachoka ali m'kalasi yachisanu. Mu Seputembala ankayenera kulowa yachisanu ndi chiwiri. Bambo ake sanauze munthu aliyense zimenezi, koma chipinda cha kalasi imeneyo n'chimene anayamba kufolera, ndipo malata ake anakhoma yekha. Usiku ankagona m'chipinda chosungira simenti. Nyumba yake inali idakali pamaziko.

Denga litatha, mphunzitsi wamkulu, mayi wosachulutsa mawu, anamupempha madesiki makumi atatu a kalasi yatsopanoyo. Chojambula choti atsatire panalibe. Kalipentala sanachifunenso. M'bokosi muja munali ndodo yake yoyezera, yokhala ndi mipata iwiri yodula ndi mpeni: wina posonyeza bondo la mwana wake kuchokera pansi, wina posonyeza chigongono atakhala. Anaidula mu Januwale madzi asanabwere, pamene ankamukhomera tebulo lolembera. Tebulolo linapita ndi madzi. Ndodo inatsala.

Anapala matabwa mwezi wonse wa Ogasiti. Mwendo uliwonse ankauika pandodo asanaucheke.

Mphunzitsi wamkulu anabwera kudzaona atamaliza khumi oyamba. Anaika dzanja pa desiki imodzi, ndipo anachita kuwerama.

"Amisiri, awa ndi a kalasi iti?"

"Yachisanu ndi chiwiri, aphunzitsi."

"Ana a kalasi imeneyo ena ayamba kale kumeta ndevu."

"Muyeso ndi wa mwana wanga. Pa anzake onse wamtali anali iyeyo."

Mayiyo anayang'ana ndodo, n'kuyang'ana mwini wake. Mwana uja ankamudziwa, ankadziwanso mwezi umene anachoka. Anatsegula pakamwa, koma anangofunsa ngati misomali ikwana.

Kumapeto kwa mwezi kalipentala anaimbira mkazi wake foni. "Sukulu yaima," anatero. Mkaziyo anayankha kuti wamva, n'kufunsa ngati chifuwa chimene chinkamuvuta chinasiya.

Kutatsala sabata kuti sukulu itsegulidwe, masana, mlamu wake anatulukira pachipata. Anali mchimwene wa mkazi wake, munthu wanthabwala. Pambuyo pake pankabwera mtsikana wovala siketi yabuluu, atanyamula kachikwama kamodzi kokha. Kalipentala anamuyang'ana kanthawi asanatule sowo.

"Bambo."

"Mayi anga," anatero, monga ankamuitanira kuyambira ali wakhanda. Mtsikanayo atayandikira, mutu wake unafika pachibwano cha bambo ake. Pochoka unkafika pa batani lachitatu la shati.

"Alamu, mwaonda ngati msomali," mlamuyo anatero. "Mukudya utuchi?"

"Utuchi sukwera mtengo. Amayi ake ali kuti?"

"Tiyambe taona sukulu. Tamva kuti ndi yoti mbalame zikumaima kudabwa."

Anawatengera pamtunda. Chipinda chinkanunkha laimu ndi vanishi. Mawindo anali kumbali zonse ziwiri, bolodi lakuda lisanalembedwepo kanthu. Madesiki anali atandandalikidwa m'mizere isanu. Kalipentala analoza ya kutsogolo pafupi ndi windo, imene anaipala kawiri.

"Takhala apo, mayi."

Mtsikanayo anakhala. Mawondo anagunda thabwa la pansi pa desiki. Anayesa kuwapendeketsa, kenako anatambasulira miyendo kutsogolo, mapazi n'kutulukira mbali inayo. Kuti aike chigongono anachita kupinda msana. Anasisita thabwa la pamwamba ndi chikhatho.

"Alamu," mlamuyo anatero, "kodi muno muziphunzira anapiye?"

Palibe anaseka. Kalipentala anatenga ndodo ija pawindo n'kuiimika pambali pa mwendo wa mwana wake. Bondo linapitirira mpata uja ndi zala zinayi. Anayang'ana madesiki onse makumi atatu, mzere ndi mzere.

"Ndi osalala bwino, bambo," mtsikanayo anatero. "Madesiki a kumene kuja amatikanda."

Atatuluka, mlamuyo anamukokera pamthunzi wa khonde. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Mlongo wanga akuti za sukulu wamva, ndipo wathokoza. Akufunsa za nyumba."

"Maziko alipo."

"Maziko ndawaona tikubwera. Mwamera chisoso. Mwana wamkulu chotere mumugoneka pa matumba a simenti?"

Kalipentala anayang'ana cha kuseri kwa bwalo la mpira.

"Teremu ino ayambira komwe kuja. Akuti nyumba ikakhala ndi denga ndi chitseko pofika Januwale, abwera onse awiri. Mwanayu anangokakamira kuti adzakuoneni. Tibwerera ndi basi ya mawa m'mawa."

"Anati sukulu."

"Anatero. Inu munamva sukulu yokha."

Madzulo mphunzitsi wamkulu anadutsa, n'kupeza desiki imodzi ili chagada, kalipentala akuyeza timatabwa toti alumikize kumiyendo. Anati kalasi yachinayi ilibe madesiki okwanira, aafupiwo apite kumeneko, ndipo a ana aakulu akhome ena matabwa akabwera. Anawonjeza kuti Loweruka ndi Lamlungu asamaoneke pasukulu, popeza ali ndi ntchito ina kuseri kwa bwalo.

M'mawa, basi isanafike, kalipentala anaitana mwana wake m'chipinda chija. Anamukhazika pa benchi, n'kugwada ndi ndodo ndi mpeni. Anadula mpata watsopano pa bondo. Anamuuza kuti awongole msana, apinde mkono, n'kudula wina pa chigongono. Mipata yakale inatsalira m'munsi, yakuda ndi thukuta la m'manja.

"Bambo, muwonjezereko pang'ono."

"Muyeso sawonjezera, mayi."

"Pofika Januwale ndikhala nditakulanso."

Kalipentala anamuyang'ana. Kenako anaika chala chimodzi pamwamba pa mpata watsopano uja, n'kulemba kamzere ndi pensulo. Sanadule.

Kumsewu basi inaliza hutala. Mlamu anaitana ali pachipata. Mtsikanayo anatenga kachikwama kake n'kuthamanga, ndipo pokwera anachita kuweramitsa mutu pachitseko.

Kalipentala anabweza ndodo m'bokosi. Linali Loweruka. Anatenga khasu ndi chingwe, n'kudutsa pabwalo la mpira kupita kukazula chisoso pamaziko.