Zikazizira Zimapatukana

Paston anali atatulutsa kale mabokosi awiri pamene Keziah, mkazi wa malemu mkulu wake Yoram, anaima pakhomo pa shedi. Yoram anaikidwa m'manda Lachiwiri lomweli, koma mng'ono wakeyu mtima unali kale pa malo a malemuwo a ku Chikalewa, kuti amangepo zipinda za alendo. Ankafuna Keziah abwerere kwawo ku Mzuzu, ati poti sanabereke pabanjapo. Awiriwa sankamwerana madzi chikwatiwire mayiyo.

Yoram ankasungunula mapulasitiki otola kumsika, a mabotolo ndi a majumbo, n'kuumba tizidutswa tonga masikono. Ankafuna zoyandamitsira maukonde zosasweka. Tizidutswato ankatumiza kwa mnzake wa ku labu, komwe makina a kromatogalafe ankapititsamo mpweya n'kuulula ngati mitundu iwiriyo yagwiranadi kapena yangonamizira. Abale ankamuseka kuti sukulu yonse ija yathera m'zinyalala.

"Mwini wake ankanena yekha, mlamu," anatero Paston osacheuka. "Zosagwirizana zimaoneka ngati chinthu chimodzi zikakhala pamoto. Zikazizira zimapatukana. Maliro azizira tsopano."

Keziah anamudzudzula kuti manyazi alibe, ndipo anagwira bokosi lachitatu. Anakanganirana ngati ana, katoni n'kung'ambika, tizidutswa mbwee pansi. Pafupifupi tonse tinali tong'aluka pakati.

Paston anatola kamodzi kuti akaponye kudzala, koma anaona dzina lake litalembedwapo ndi msomali. Pansi pake panali la Keziah. Anatola kena, chimodzimodzi, bokosi lonse. Mayiyo anafotokoza monyinyirika kuti pulasitiki ya mabotolo, youma mutu ija, Yoram ankaitchula Paston, ndipo ya majumbo, yosamva kukoka, ankaitchula Keziah. Anzake anamuuza Yoram kangapo kuti ziwirizi sizigwirana popanda kuthiramo kachinthu kachitatu, iye n'kumangoyesabe.

Paston zinamupweteka, ndipo kupwetekako kunasanduka ukali. Anasankha kadutswa komwe kanali kasanang'aluke, kotsiriza kuumbidwa, n'kukaika pa mwala wapakhomo.

"Onani, mlamu, mupakire mtima uli m'malo."

Anakamenya ndi hamala. Kanangodumpha. Anakamenyanso mpaka mwala unabenthuka, kadutswako kali gwa.

"Menyaninso, alamu," anatero Keziah.

Paston anaika hamala pansi. Anapukuta kadutswako ndi malaya ake, n'kukalowetsa m'thumba la pachifuwa. Kenako anawerama, nanyamula bokosi loyamba lija kubwerera nalo m'shedi.