Mphika Wosabwezedwa

Chaka chimene azungu ojambula kanema anabwera ku Wan Chai, mumzinda wa Hong Kong, ndi malole awo odzaza zingwe ndi nyali, mayi Yuk-ching anali atagona miyezi isanu. Chifuwa chinawagwira nthawi yozizira ndipo chinakana kuwasiya. Amuna awo, aphunzitsi a Szeto, ankalawirira m'mawa uliwonse kukoleza mbaula pakhonde n'kutereka mphika wa mankhwala: mbale zitatu za madzi, ziwire mpaka itsale imodzi. Nyumba yonse, kuyambira kwa wosoka nsapato pansi mpaka kwa iwo pamwamba, inali itazolowera fungo lake.

A Szeto sanali sing'anga. Sing'anga anali bambo awo, ku Canton. Iwo anangotengera mabuku. Zaka makumi atatu anazithera pa mabuku akale a mankhwala ndi ndakatulo zotchula zitsamba, kuyerekeza buku ili ndi lija, kulemba makalata kwa akatswiri anzawo a ku England, kukangana nawo za dzina la muzu umene palibe mmodzi wa iwo anaukumbapo. Mukanawafunsa zimene asing'anga a zaka chikwi zapitazo ankanena za chifuwa, akanakuuzani mpaka tiyi kuzizira. Koma chifuwa cha akazi awo chinkawathetsa nzeru ngati munthu wina aliyense, ndipo ankaopa.

Mphikawo unali wa bambo awo. Unali wadothi, wamimba, wa chigwiriro cham'mbali ndi kamlomo kafupi, wakuda bii ndi mwaye wa zaka zosawerengeka. Pothawa nkhondo ku Canton, a Szeto mabuku anasiya, anachita kugulanso ena. Mphika wokhawo anaukulunga m'malaya n'kuwoloka nawo.

Azungu aja anawapeza kudzera mwa mmodzi wa anzawo a makalata. Kanemayo anali wa kaputeni wa sitima amene anadwala padoko n'kuchiritsidwa ndi sing'anga wa ku China, ndiye ankafuna munthu wowaongolera kuti zioneke zenizeni. Wosewera ngati sing'angayo anali mzungu wa ku London wopakidwa nkhope, maso atawakoka ndi timapepala tomata. A Szeto anamuyang'ana kamodzi, n'kuona kuti za nkhopezo si zawo. Anangomuphunzitsa kugwira dzanja la wodwala.

"Zala zitatu, bwana, osati chala chachikulu. Simukugula nkhuku."

Amene anagwirizana nawo anali a Hallam, woyang'anira katundu yense wooneka m'kanemamo: mipando, mabotolo, makabati a zitsamba. Anali bambo wamtali, wofatsa, wolemba chilichonse m'kabuku, munthu woti ukamubwereka pensulo amaibweza ataisongola. Tsiku lina anawaonetsa a Szeto ketulo yonyezimira ya maluwamaluwa imene anakonza kuti sing'anga aphikiremo mankhwala.

"Mukuiona bwanji, aphunzitsi?"

"Ndi yokongola. Mwa iyi amamwera tiyi pa ukwati."

A Hallam anafiira makutu. "Nanga mphika weniweni umaoneka bwanji?"

Madzulo ake a Szeto anakhala m'mbali mwa bedi, akukanda chibwano, n'kuyamba nkhaniyo mozungulira monga mwa chizolowezi chawo. Mayi Yuk-ching anawadula.

"Inu a mabuku, nenani msanga ndisanafe. Akufuna chiyani?"

"Akufuna kubwereka mphika."

Mayiwo anadzuka n'kutsamira khoma, chinthu chimene anali asanachite okha kwa milungu ingapo. "Abwereke! Mwazengereza chiyani? Ndani akudwala?"

"Kaputeni wa sitima. Koma ndi wa m'kanema, sakudwala zenizeni."

"Zenizeni kaya zabodza, utuluke basi. Mankhwala otsalawo muziphikira mu kamphika ka nyemba. Koma muwauze, mwamva? Asaubweze."

A Szeto anamwetulira. Mwambowo ankaudziwa kuposa mayiwo, chifukwa anaulembapo. Mphika wa mankhwala ukabwerekedwa, umatuluka ndi matenda a m'nyumbamo. Wobwereka saubweza, poti kuubweza n'kubweza matendawo pakhomo. Umakhala komweko mpaka wina adwale audzere, ndipo mwini wake amakautenga yekha pokhapokha kwake kukagwanso matenda. M'buku limene ankalemba, zonsezi anaziika m'tizilembo ting'onoting'ono m'munsi mwa tsamba, n'kumaliza ndi mawu akuti: chikhulupiriro cha amayi a kumudzi, chopanda maziko m'mabuku a asing'anga.

M'mawa mwake anaupereka kwa a Hallam. Anawafotokozera za dothi lake, za mwaye, za chifukwa chimene chitsulo chimawonongera mankhwala. Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Zoti asaubweze sananene. Anachita manyazi, munthu wophunzira ngati iwo, kuuza mzungu za amayi a kumudzi. Anadziuza kuti mphikawo uzikhala m'nyumba yosungira katundu ya kampaniyo kutsidya kwa doko ku Kowloon, ndipo azikauzonda akafuna.

Ndiye mayi Yuk-ching anayamba kuchira. Sabata yoyamba anamaliza mbale ya phala la mpunga. Yachiwiri anapempha nsomba ya mchere. Yachitatu anayamba kudzudzula mmene a Szeto ankayanikira zovala, ndipo apa m'pamene bamboyo anadziwa kuti akazi awo abwerera. A Szeto ankati ndi mankhwala a sing'anga watsopano amene anali atayamba kupitako, ndiponso kunja kwafunda. Mayiwo ankati ndi mphika. Sanakangane. Pa zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati a Szeto anali ataphunzirako kanthu kamene sikali m'mabuku.

Tsiku limene mayiwo ananena kuti atsika kupita kumsika, koyamba chiyambire matenda, anavala malaya awo obiriwira n'kuyamba kupesa tsitsi. A Szeto anati atsogole akaone ngati masitepe sakuterera, poti ana a m'nyumbamo ankatayamo madzi. Anatsika nsanjika imodzi. Pokhota anakumana ndi a Hallam akukwera, ali wefuwefu, chipewa kukhwapa, m'manja atanyamula phukusi la pepala lofiirira lomangidwa bwino ndi chingwe. Chigwiriro chinali chitaboola pepala n'kutulukira kumbali.

"Aphunzitsi! Mwayi wanga. Tamaliza dzulo, nyumba ya katundu tatseka, sitima inyamuka mawa m'mawa. Ndinati sindingachoke osakubwezerani ndi manja anga." Anauyandikizitsa monyadira. "Ndautsuka ndekha. Sopo sindinaike, ndinakumbukira zimene munanena."

A Szeto anaima pakati pa masitepe, manja ali kumbuyo.

Kumwamba chitseko chinali chotsegula. Ankamva chipeso chikugwera mu mbale, mpando ukukokedwa. Mayiwo ankang'ung'udza kanyimbo.

Anaganiza msanga, monga amaganizira munthu amene madzi afika m'khosi. Akausiye kwa wosoka nsapato pansi? Ameneyo ali ndi ana anayi athanzi, angawathamangitse ndi nyundo. Aubise pansi pa masitepe? Ndi m'nyumba momwemo, ndipo amayi a nyumba imeneyo ankadziwa ngakhale pamene khoswe wabisa chikhokho. Palibe khomo m'msewu wonsewo limene likanalandira mphika wa mankhwala popanda wodwala. Unayenera kukwera kapena kupita ndi mzunguyo.

"A Hallam," anatero, "sindingaulandire."

"Wasweka penapake? Ndinauyang'ana bwino..."

"Ayi. Uli bwino."

"Ndiye ndalakwa chiyani?"

Apa mpamene munthu wa mabuku akanatsegula pakamwa n'kuyamba: m'zigawo zakumwera, kuyambira nthawi ya mafumu akutiakuti. Mawuwo anali okonzeka, anawalemba okha. Koma atayang'ana chigwiriro chija chikusuzumira m'pepala, chitaloza kumwamba kumene kunali akazi awo, anadziwa chimene chinkawaletsa kuulandira. Anazindikira kuti sakuteteza mtima wa mayiwo wokha. Iwonso ankauopa. Zaka makumi atatu za kuwerenga, ndipo ankauopa mphika wadothi ngati mayi aliyense wa kumudzi.

"Akazi anga ayamba kudya," anatero motsitsa mawu. "Chichokere mphikawu, akudya. Kwathu kuno mphika wa mankhwala subwerera pakhomo. Ndinayenera kukuuzani tsiku lomwe lija, koma ndinachita manyazi."

A Hallam anayang'ana phukusilo, n'kuyang'ana kumwamba. Sanaseke. Anatsika sitepe imodzi chobwerera, pang'onopang'ono, ngati wanyamula mwana wogona.

"Koma munati ndi wa bambo anu."

"Ndi wa bambo anga."

"Ndikapita nawo, simudzauonanso. Ndi kutali, aphunzitsi."

"Ndikudziwa kumene kuli England. Ndimatumizako makalata."

A Szeto anatambasula dzanja, n'kugwira chigwirirocho ndi zala, pamalo posalala pamene chala cha bambo awo chinkakhala. Mtima unawawawa kwambiri, kuposa mmene unawawira posiya mabuku ku Canton. Kenako anachotsa dzanja.

"Musamauike pa moto waukulu. Ndipo wina akadwala kwanuko, m'bwerekeni."

"Ndimuuze kuti asabweze."

"Mwaphunzira msanga kuposa sing'anga wanu uja."

"Bambo!" anaitana mayi Yuk-ching kumwamba. "Mukulankhula ndi ndani? Masitepewo mukuwawerenga?"

"Ndi munthu wosochera!" anayankha a Szeto. "Ndikumulozera njira!"

A Hallam anavala chipewa, anagwedeza mutu, n'kutsika ndi phukusi lawo mofulumira koma mosamala. Pamene mayiwo ankafika pokhota paja, atagwira khoma ndi dzanja limodzi, dengu kumkono, anangopeza amuna awo okha akupukuta magalasi. Anatsika limodzi. Kumsika mayiwo anakangana ndi wogulitsa nkhanu mpaka anthu kuima, ndipo a Szeto anaimirira pambali atanyamula dengu.

Panapita chaka ndi theka kanemayo asanafike ku Hong Kong. A Szeto anali atamaliza buku lawo. Mawu aja a m'munsi mwa tsamba anawasiya, koma za amayi a kumudzi ndi za kupanda maziko anazifafaniza, ndipo mnzawo wina wa ku England anawalembera kuwafunsa chifukwa chake. Sanamuyankhe.

Anapita kukaonera Loweruka masana. Mayi Yuk-ching, amene tsopano malaya obiriwira aja ankawathina, anagula nthanga za mavwende pakhomo. Chingelezi sankachimva, ndipo zolembedwa pansi pa chithunzi ankati zimathamanga, choncho ankadzipangira okha nkhani yake n'kumaiuza a Szeto mokweza. Sing'anga wopakidwa nkhope atatulukira, holo yonse inaphulika ndi kuseka.

"Uyu ndiye munamuphunzitsa inu? Maso akewo alumidwa ndi mavu?"

"Taonani zala, mayi. Zala zokha ndiye zanga."

Zalazo zinalidi zitatu, pamalo pake. Kenako chithunzi chinatembenukira pa mbaula, ndipo mphika uja unadzaza chinsalu chonse, waukulu ngati nyumba, wakuda, nthunzi ikutuluka pa kamlomo. Chigwiriro chinkawala pamalo posalala paja. A Szeto anapuma kamodzi, kawiri. Kachitatu kaputeni anali atayamba kale kulankhula, ndipo mphika unali utapita.

Kanema yense wotsalayo sanamuone. Anangokhala, manja pa mawondo. Pambali pawo nthanga zimene mayiwo ankatafuna zinali zitasiya kulira.

Nyali zitayaka anthu anayamba kutuluka, akuponda makoko a nthanga. A Szeto anaimirira n'kutenga ambulera. Mayi Yuk-ching sanasunthe.

"Khalani pansi, bambo."

"Watha, mayi."

"Ndikudziwa kuti watha, sindine wakhungu. Ayambanso folo koloko." Anasasa makoko pa malaya awo, osawayang'ana amuna awo. "Munthu wosochera uja anali ndi mawu aakulu. Ndipo masitepe athu aja amamveka mpaka kukhitchini."

A Szeto anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Munamva?"

"Chingelezi sindinamve. Koma inu ndimakumvani m'chinenero chilichonse." Anawatsegula dzanja n'kuwathiramo nthanga zotsala. "Pitani mukagule matikiti ena awiri. Mukaonenso bambo anu."