Mthunzi Wosoka pa Makina

Chaka chimenecho dzuwa linabwera ngati lili ndi mlandu ndi anthu. Mwezi umene kale anthu ankafundabe bulangete m'mamawa, a Telala ankatsegula shopu yawo thukuta lili kamukamu. Shopuyo inali pakati pa mzere wa timashopu ta malata, m'mphepete mwa msewu wafumbi. Denga lake linali lalifupi moti munthu wamtali akakweza dzanja ankaligunda, ndipo masana malatawo ankalira okha, thethethe, ngati wina akuwagenda ndi timiyala.

A Telala anali mayi wojintcha, wa mawu aakulu, amene anakhala akupalasa makina omwewo kuyambira ali mtsikana. Kutentha ankakudziwa, koma uku kunali kwina. Chitsulo cha makina chinkawotcha chala. Nsalu inkamata m'manja. Tsiku lina thukuta linadontha kuchokera pachibwano n'kugwera pa diresi loyera la mkwatibwi, ndipo anachita kulichapa mwakachetechete mwini wake asanatulukire. Makasitomala nawo anayamba kuthera pakhomo.

"Lowani ndikuyezeni m'chiuno," ankatero a Telala.

"Ayi mayi, ingoyezani ndi maso. Mukufuna ndipsere mommo?"

Khomo loyandikana nalo linali la a Ometa, bambo woonda ngati ndodo, wadazi lonyezimira, amene ankameta anthu tsitsi pomwe iwo analibe ngakhale limodzi. Awiriwa tsiku silinkatha osakangana, ndipo nkhani inali imodzimodzi. Mphepo inkakokolola majumbo, mabotolo ndi timapepala ta pulasitiki mumsewu wonse n'kudzaunjika pakati pa makomo awo. A Ometa ankasesera uku, a Telala n'kubwezera uko.

"Aneba, katundu wanu wasochera kwathu kuno," ankatero a Telala.

"Wanga ine? Funsani mng'ono wanuyo, ndiye mwini fakitale."

Apa a Ometa ankanena zoona. Mng'ono wa a Telala ankakhala pakhonde la shopu yomweyo ndi bokosi la madzi ozizira, ena a m'mabotolo, ena omanga m'timapepala. Kwa iye dzuwa linali bwenzi. Anthu ankagula, kuluma pakona, kuyamwa, n'kutaya pomwepo. Ngalande ya kutsogolo inali itadzaza mpaka pakamwa, ndipo wina akatopa nazo ankangoyatsa moto, utsi wakuda wonunkha n'kulowa m'mashopu.

"Iwe, ukutiwonongera msewu," ankamudzudzula mkulu wakeyo.

"Achemwali, ine ndimagulitsa madzi. Khalidwe aliyense amabwera ndi lake."

Tsiku lina masana, dalaivala wa minibasi, bambo wamkulu thupi, analowa kwa a Ometa kuti amete. Makina atangodutsa mbali imodzi ya mutu, bamboyo anadzuka, nakankha mpando, natuluka nsalu ili m'khosi. Anakhala pansi pafumbi akupuma mwawefuwefu, mbali imodzi mpala, mbali ina tchire.

"Bwererani ndimalize!" anakuwa a Ometa.

"Bola ndiziyenda chonchi," anayankha dalaivalayo, mawu akutuluka movutikira.

Anthu anaseka, a Telala nawo anaseka, koma chiseko chinawathera m'kamwa ataona kuti maso a bamboyo akutembenuzika. Anatsomphola botolo m'bokosi la mng'ono wawo n'kumuthira madzi m'mutu ndi m'khosi, kenako anamwazamwaza maso kufuna mthunzi woti amukhazikepo. Panalibe. Mtengo umene unali pamenepo unadulidwa kalekale pokuza msewu. Mthunzi wokhawo unali pansi pa saka long'ambika limene mphepo inalikoleka pa waya wa mpanda, ndipo pamenepo panali patagona galu. Anathamangitsa galuyo, amene anachoka monyinyirika, n'kukhazikapo dalaivala. Patapita kanthawi bamboyo anayamba kulankhula zomveka, mpaka kufunsa ngati alipire mtengo wa mutu wonse kapena theka.

A Telala anayang'ana m'mwamba. Maso awo anali pa saka lija. Anaika dzanja pansi pake, n'kulitulutsa padzuwa, n'kulibwezanso.

M'mawa mwake anafika atavala diresi lakale ndi majombo a malemu amuna awo, nalowa m'ngalande. Anavuula masaka a ufa, a shuga, a chakudya cha nkhuku, ena okwiririka m'matope kuyambira kalekale. Atatha m'ngalande anapita kuseri kwa ophika buledi, kumene masaka ankangowaunjika podikira moto. Anawachapa pa mpopi, nawayanika pa waya, nawatumbula m'mbali kuti atambasuke. Kenako anakhala pa makina.

Singano yoyamba inathyoka asanamalize mzere. Yachiwiri inatsatira. Anapita kwa osoka nsapato kukabwereka singano yonenepa ndi ulusi wolimba, ndipo makinawo, ngakhale ankadandaula, anayamba kumeza masaka limodzi ndi limodzi. Chinsalu chinakula, chinadzaza shopu, chinatulukira pakhomo.

Mng'ono wawo anasuzumira. "Achemwali, mwapeza kasitomala wa njovu?"

"Usandisokoneze. Tenga majumbo ali apowo uziluka chingwe."

"Ine?"

"Iwe amene. Manja ako aja ankandizula tsitsi tili ana, lero agwire ntchito yooneka. Ndipo kuyambira lero, wogula madzi aziyamwira pompano, pepala aziponya m'saka ili. Wokana, usamugulitse."

Mng'onoyo anang'ung'udza, koma analuka. Ankang'amba majumbo m'mizeremizere, kuwapota, n'kuwaluka patatu monga amalukira tsitsi. Chingwe chinatuluka chamawangamawanga, chakuda, chabuluu, chofiira, ndipo atachikoka awiri sichinaduke. Iye mwini anadabwa, nayamba kuchionetsa kwa aliyense wodutsa ngati maganizowo anali ake.

Panatsala a Ometa, amene anali ndi makwerero komanso mapaipi akale kuseri kwa shopu yawo.

"Aneba, mawa mukwera padenga."

"Ine? Ndi dazi ili? Mukufuna anthu adzakazingirepo mazira?"

A Telala anatenga chidutswa cha saka chotsala, nachizunguliza pa makina, n'kuwaveka a Ometa chipewa chachikulu cha khonde mbali zonse. A Ometa anadziyang'ana pagalasi lawo lometera, napendeketsa mutu uku ndi uku.

"Chikundikhala," anavomera. "Koma musauze anthu kuti ndi saka."

Anayamba ntchito m'mamawa malata asanatenthe. Anazika mapaipi m'mphepete mwa ngalande, a Ometa nakwera padenga kukamangirira zingwe, mng'ono uja akulamula ali pansi ngati kapitawo. Dzuwa litakwera, panali mthunzi kuyambira pakhomo la a Telala mpaka kupitirira la a Ometa. Anthu ankafika, kuima, kuyang'ana m'mwamba, n'kuiwala kumene amapita.

Chisangalalocho sichinafike madzulo. Kamvuluvulu anatulukira kumapeto kwa msewu atanyamula fumbi ndi mapepala, nalowa pansi pa chinsalucho. Chinafufuma ngati mimba, zingwe za mbali imodzi zinamasuka, ndipo a Ometa, pofuna kuonetsa chamuna, anadumphira pakona n'kugwira. Chinsalu chinawakoka, chinawazunguza, chinawakulunga, n'kuwagoneka pakati pa msewu. Kunja kunangotsala mapazi.

A Telala anathamanga mtima uli m'mwamba. "Aneba! Aneba, muli moyo?"

Mawu anamveka kuchokera mkati: "Ndisiyeni kaye. Muno mukuzizira bwino."

A Telala anakhala pansi pomwepo, kuseka mpaka misozi, mpaka kupweteka m'nthiti. Mng'ono wawo anachita kugwira bokosi la madzi kuti asagwe.

Dalaivala uja, amene anali atabwera kudzamalizitsa mutu wake, anathandiza kuwamasula. Kenako anagwiragwira chinsalucho nati, "Mayi, mphepo ili ngati pasenjala. Mukaitsekera mawindo onse imachita ukali. Ipatseni potulukira." Anawonjezanso kuti akachikweza pamwamba pa malata n'kusiya mpata, dzuwa lizithera pa masaka, denga osaligwira.

A Telala anatenga sizasi. Anaboola timawindo apa ndi apo, napinda m'mphepete kuti pasamasuke, nasokerera masaka ena kuti chinsalu chifike mpaka pamwamba pa denga. Ulendo uno anamanga mfundo okha, sanakhulupirire munthu. Kamvuluvulu atabweranso, chinsalu chinangopuma ngati ng'ombe yogona, n'kukhazikika.

Mkati mwa shopu munasintha. Kutentha sikunathe, ayi, koma kunakhala kutentha koti munthu n'kugwira ntchito. Chitsulo cha makina chinasiya kuluma. Masiku ena a Telala ankatulutsa makinawo pakhonde, n'kumasoka kamphepo kakuwapita m'khosi, kuwala kukudutsa m'timawindo tija n'kumavina pa nsalu.

Panali chinthu chimodzi chimene palibe amene anachiona pomanga. Saka la chakudya cha nkhuku linagwera ndendende pamwamba pa khomo la a Ometa, ndipo linali ndi chithunzi cha tambala wamkulu wofiira, chifuwa chili patsogolo. Sabata isanathe, msewu wonse unali ukuti, "Ndikukameta kwa a Tambala."

"Aneba, munachita dala," anadandaula a Ometa.

"Ine ndimangosoka. Tambala anasankha yekha kwawo."

A Ometa anakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu, potsegula shopu m'mawa, anaima pakhomo, nakupiza zigongono, nalira kokoliriko mokweza mpaka osoka nsapato anataya nyundo. Kuyambira pamenepo ankalira m'mawa uliwonse, ndipo akachedwa anthu ankafunsa ngati akudwala.

Mashopu ena anayamba kubwera. Wokonza mafoni anabweretsa masaka ake, wogulitsa zitsulo naye ake, ndipo mthunzi unakwawa pang'onopang'ono kutsika ndi mzere wonse. Masaka anayamba kusowa, majumbo anayamba kulimbiranidwa, moti wina atafuna kuyatsa moto pa dzala, amayi a mumsewumo anamukuwiza ngati wakuba. Pansi pa ngalande panaoneka simenti imene ambiri anali ataiwala kuti ilipo.

Madzulo ena mng'ono uja anakanda saka limodzi ndi chikhadabo, ufa woyera n'kutsalira pachala.

"Achemwali, dzuwa likudya masakawa. Chaka chino chokha, afumbutuka."

A Telala anayang'ana chalacho. Ankadziwa kuti mwanayo sakunama, ndipo ankadziwanso kuti dzuwa la chaka chamawa silidzabwera ndi chisoni.

"Akayamba kufumbutuka tidzawatsitsa asanamwazike, tidzasoka ena," anatero. "Koma pafunika mthunzi wosadalira singano."

Anakumba maenje pafupi ndi mapaipi aja n'kudzalamo timitengo. Pambali pa kamtengo kalikonse anazika botolo chadodolido, ataliboola pachivindikiro, kuti madzi azidontha pang'onopang'ono mpaka kumizu. Mng'ono wawo ndiye anapatsidwa udindo wodzaza mabotolowo, ndipo ankatiyankhula timitengoto ngati ana: "Imwani msanga, anzanu amagula."

Tsiku lina kunabwera anamwino a pachipatala chaching'ono cha kumtunda kwa msewu, atanyamula yunifolomu yoduka zipi. Zipi inatha msanga, koma anamwinowo sanadzuke pa benchi. Anavula nsapato, natambasula miyendo, nayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mayi," anatero pomaliza, "kwathu kuja amayi amadikira panja ndi makanda. M'kati malo ndi ochepa. Ena amafunditsa ana nsalu mpaka mwana kulira ndi kutentha. Simungatiyezereko bwalo lija?"

A Telala anakoka tepi imene inali m'khosi mwawo, naiyang'ana. "Ndayeza mimba, ndayeza mapewa, ndayeza anthu onama kuti aonda. Bwalo sindinayezepo."

"Ndiye muyambira ife."

"Iwe, undionere shopu," anauza mng'ono wawo. Kenako anagogoda pa malata a aneba. "Tiyeni, mukandigwirire tepi."

A Ometa anatuluka akupukuta manja, osafunsa n'komwe kuti akupita kuti.

Pachipatalapo anapeza amayi atakhala mumzere m'mbali mwa khoma, aliyense akubisa mwana ku kamthunzi kopyapyala ka khomalo. Anamwino atafotokoza chimene abwerera, mzere wonse unadzuka. Tepi ya a Telala inali yoyezera anthu, yaifupi, choncho anagwirizana kuti aziyeza pang'onopang'ono: a Ometa agwire kumapeto, mayi mmodzi aponde pamene tepi yathera, wina aponde potsatira, mpaka kukafika kuchipata. Posakhalitsa bwalo lonse linali ndi amayi oima motalikirana, ana kumsana, aliyense akukuwa nambala yake, wina akutsutsa kuti mnzake wasuntha phazi.

Atatsala pang'ono kufika kuchipata, a Ometa anawerama pafupi ndi mayi wina, ndipo khanda limene linali kumsana linatambasula dzanja, kugwira tepi, n'kuilowetsa m'kamwa. A Ometa anakoka pang'ono, khanda linakana. Anachonderera, khanda linawayang'ana m'maso, likutafuna ndi nkhama. Amayi onse anafa ndi chiseko n'kuchoka pamalo awo kudzaona, ndipo nambala zonse zinabalalika.

A Telala anapukuta misozi ndi nsonga ya diresi.

"Chabwino," anatero. "Abwana akamaliza kudya, tiyambirenso kukhoma."