Chipewa cha Mawaya pa Mutu wa Kamvuluvulu

Anzake ankamutcha Kamvuluvulu. Iye ankadziwa. Sankadandaula.

Anali dokotala wa za maganizo a anthu. Zaka zambiri ankafufuza chinthu chimodzi: zomwe zimachitika mu ubongo munthu akakhala phee, n'kumangotsata mpweya wake ukamalowa ndi kutuluka. Zomwe analemba zinafika kutali. Akatswiri a m'maiko ena ankazitchula m'mabuku awo. Ankamuitana kumisonkhano. Sutikesi yake sinkalowa m'kabati. Inkangokhala pafupi ndi chitseko, yotsekatseka.

Koma pachipatala pomwe ankagwira ntchito analibe chipinda chophunzitsiramo. Ankafuna chimodzi basi. Chinali kumapeto kwa khonde, moyang'anizana ndi kochapira zovala. Munali mipando yothyoka ndi matiresi akale. Iye ankafuna zonsezo zituluke, anamwino azilowamo kukapumitsa maganizo asanabwerere kwa odwala. Kiyi anali ndi a Metironi.

"Mabuku anuwo sindiwerenga, Dokotala," anatero a Metironi. "Nthawi ndilibe. Mundionetse ndi maso. Ndikakhutira, kiyi ndi wanu."

Tsiku linafika. Holo inadzaza. Mipando ya pulasitiki, fani imodzi yolira ngati njinga yopanda oyilo, anamwino ena atagwira makapu a tiyi. Kutsogolo, Wamawaya, bambo wamtali wosalankhulalankhula amene ankayendetsa makina a Dokotala, anali atalumikiza zonse. Patebulo panali chipewa cha labala chokhala ndi timabatani, mawaya ali lendee. Chipewacho chimamva zochitika mu ubongo n'kuzitumiza ku kompyuta. Kompyuta imajambula mzere pakhoma. Maganizo akamayendayenda, mzere umadumpha. Akakhazikika, umatsika n'kumayenda mwaulemu.

Woti avale chipewacho anali a Dalaivala, bambo wopuma pantchito yoyendetsa basi. Anaphunzira kwa Dokotala kwa zaka. Mzere wawo unkasalala ngati nsalu yosita.

Foni inalira. Anali iwowo.

"Dokotala, mundikhululukire. Mwana wanga wamkazi wachira m'mawa uno. Mapasa! Ndili pamsewu."

"Bambo, mwandipha."

"Mapasa, Dokotala!"

"Ndamva, ndamva. Mukawapsompsonere. Koma mwandipha."

Dokotala anadula foni. Anayang'ana Wamawaya. Wamawaya anayang'ana kudenga.

A Metironi anali atakhala mzere woyamba, manja pachifuwa. Anamva zonse.

"Vuto palibe," anatero. "Mwini nkhani ali pompano. Valani nokha."

Kumbuyo kunamveka chiphwete. Anali mkulu wake wa Dokotala, bere limodzi, namwino wa kuchipinda cha ana.

"Ameneyu? Akhale phee? A Metironi, ameneyu ngakhale m'mimba mwa amayi ankasamukasamuka!"

Holo yonse inafa nacho chiseko.

"Achemwali, khalani pansi," anatero Dokotala.

"Ndakhala kale. Woti akhale pansi ndi iwe."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinkamuwawa. Ubongo wa anthu ena anauyeza mpaka kutopa. Wake sanauyezepo. Ankati alibe nthawi. Tiyi ankamwa choimirira. Foni ankayankha ali pamasitepe.

Anakhala pampando. Wamawaya anakweza chipewa, kenako anaima.

"Madamu. Wigi."

"Yatani?"

"Mabatani ayenera kukhudza khungu. Mumatero nokha tsiku lililonse."

Dokotala anatseka maso. Anaigwira wigi ndi manja awiri. Anaizula. Anamwino anaimba m'manja, wina analiza mluzu. Mkulu wake anabwera, anailandira, anaikhazika pamiyendo yake n'kumaisisita ngati mphaka.

Wamawaya anayamba kuthira timadzi tozizira pansi pa batani lililonse. Anawerama, pakamwa pafupi ndi khutu lake.

"Madamu, mzere wa a Dalaivala wa dzulo ndinausunga. Ndikhoza kuika umenewo. Inu mungotseka maso. Palibe angadziwe."

Maganizo a Dokotala anathamangira kumapeto kwa khonde. Anaona chipinda chija chitasesedwa. Anaona makatani. Kiyi anali pafupi, kungodina kamodzi kokha pa kompyuta. Kenako anakumbukira zomwe amauza ophunzira ake chaka ndi chaka: zotsatira zoipa zimakonzeka, zabodza zimakutsata mpaka kumanda.

"Ayi. Ika wanga."

"Madamu, wanuwo sitikuudziwa."

"Tiudziwira limodzi."

Anatseka maso. Mzere unatulukira pakhoma.

Sunali mzere. Unali mpanda wa minga. Kukwera, kutsika, kukwera kawiri. Wamawaya anagwedeza waya, poganiza kuti walekana. Waya anali bwinobwino.

"Mayo ine!" anatero namwino wina. "Kukanakhala kuwodi tikanaitana anthu."

"Ndinanena ine," anatero mkulu wake.

A Metironi sanaseke. Anayang'ana wotchi.

Dokotala anamva zonse. Anayesa kukakamiza mutu kuti ukhale chete. Mzere unalusa koposa. Anatsegula diso limodzi, anauona, analitsekanso.

Basi, anaganiza. Chipinda chapita. Ndiye bola ndiwaphunzitse kanthu.

"Tamverani," anatero maso ali chitsekere. "Uwu ndi mutu wa munthu amene sanazolowere. Tichite chonchi. Ndikazindikira kuti maganizo athawa, ndikweza chala. Ndikuuzani komwe anapita. Kenako ndibwerera ku mpweya. Inu muziyang'ana mzere, makamaka ndikasiya kulankhula."

Anapuma. Kamodzi. Kawiri. Chala chinakwera.

"Ndinali pabwalo la ndege. Ndimakangana ndi woyeza katundu."

Chiseko. Anakoka mpweya pang'onopang'ono. Mzere unatsika pang'ono. Pang'ono kwambiri, koma aliyense anaona.

Chala chinakweranso.

"Ayironi. Kodi ndinazimitsa?"

"Sunazimitse," anatero mkulu wake. "Sumazimitsa."

Mpweya. Mzere unatsika. Unakhalitsako pansi.

Chala.

"Mapasa a a Dalaivala. Akufanana kapena ayi?"

Chala.

"Ndimaganiza zobwezera achemwali."

Tsopano holo inkaseka kenako n'kukhala zii yokha, kudikira mzere. Ukatsika, kunkamveka kupuma kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Namwino wina wachinyamata anali atatseka maso nayenso. Mwadzidzidzi anakweza chala chake.

"Ine ndinali kunyumba. Zovala ndasiya pachingwe."

"Bwererani, Sisita," anatero Dokotala. "Zovala zikupezani."

Zala zinayamba kukwera apa ndi apo. Wina anali kusukulu kwa mwana. Wina pamzere wa basi. Mwamuna wina wa kuchipinda cha opaleshoni anakweza chala koma anakana kunena komwe anali.

Dokotala anatsegula maso. Thukuta linali chuchuchu pansi pa chipewa.

"Ndi zimenezi," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba chinthu chomwechi. Luso si kukhala ndi mutu wopanda phokoso. Luso ndi kuzindikira kuti wathawa, n'kubwerera. Ukabwereza kawirikawiri, ubongo umazolowera njira. A Dalaivala amabwerera msanga. Ine, mwaona nokha."

A Metironi anaimirira.

"Dokotala, ndinene zoona. Ndinabwera kudzakana."

Dokotala anagwedeza mutu. Mawaya anagwedezeka nawo.

"Ndimaganiza kuti zanuzi ndi za anthu ofatsa. Anthu okhala ndi khonde ndi maluwa. Atsikana angawa mitu yawo ndi msika. Mukanandionetsa mzere wosalala, ndikanati zikomo, pitani nazo kumisonkhano yanu." Analoza pakhoma. "Koma uwu ndikuudziwa. Uwu ndi wathu."

"Ndiye kiyi, a Metironi?"

"Osafulumira. Onani, mwayambanso."

Anapisa dzanja m'thumba la yunifolomu. Anatulutsa mulu wa makiyi. Anayamba kuvula mmodzi ndi chikhadabo, mosapupuluma.

"Mfundo ziwiri. Yoyamba, mipando yothyokayo mutulutsa nokha. Anyamata anga ali ndi ntchito."

"Ndavomera."

"Yachiwiri. Muziphunzira nawo. Osati kuima kutsogolo ndi foni m'manja. Kukhala pansi, ngati aliyense."

"Koma a Metironi, maulendo anga..."

"Mukakhala kuti mulipo. Ndipo mudzapezeka kuti mulipo kawirikawiri kuposa momwe mukuganizira." Anatembenukira kumbuyo. "Sisita, inu ndinu mkulu wake?"

"Mwatsoka, eya."

"Muzimuyang'anira."

"A Metironi, ntchito imeneyo ndinaiyamba ndisanaphunzire kumanga nsapato. Koma aka n'koyamba kuipatsidwa ndi ofesi."

Kiyi anagwera m'dzanja la Dokotala. Anali wamng'ono, wadzimbiri, wofunda. Dokotala anadzambatuka kuti athamangire kumapeto kwa khonde.

"Madamu!" anakuwa Wamawaya, akugwira kompyuta ndi manja onse awiri. "Mudakali olumikizidwa!"

Dokotala anaima. Anayang'ana mawaya. Anayang'ana chitseko. Anabwerera pampando, n'kukhala pansi.

"Chotsa," anatero. "Ndidikira."

Wamawaya anayamba kumasula mabatani, limodzi ndi limodzi. Anali ambiri. Sanafulumire.