Chingwe Chosabwerera M'mbuyo

Ndinalonjeza bambo anga ndili mnyamata wongoyamba kumeta ndevu, nditaima pamakwerero, misomali ili kukamwa. Tinkakhoma siling'i ya chipinda chapansi pa nyumba yathu ndi matabwa a paini omwe iwo anacheka okha kumtengo umene mphepo inagwetsa kumunda kwa agogo. Bambo angawo, a Veikko Kemppainen, sankakhoma msomali poonekera. Thabwa lililonse linkalowa m'kamwa mwa linzake, msomali n'kubisala m'mphepete, moti ukayang'ana m'mwamba unkangoona ngati mtengo wadziyala wokha.

"Arvo," anatero bambo, "ndikadzafa kudzabwera anthu ndi mawaya awo. Adzafuna kuboola apa, kuboola apo. Undilonjeze kuti sowo sidzakhudza siling'i imeneyi."

Ndinalavulira misomali m'dzanja n'kulonjeza. Chaka chotsatira ndinachoka kwathu, ndipo zaka makumi atatu ndi kanthu ndinazithera m'mayiko a eni, kuphunzitsa ana a anthu olemera mabuku omwe sankawafuna. Pamaliro a bambo ndinangofika ngati mlendo wodutsa.

Nditabwerera, m'nyengo yachisanu, ndinapeza tauni yathu itasanduka choseweretsa alendo. Migodi ya kopa inatsekedwa ine ndisanabadwe, zimenezo sindidandaula nazo. Koma nyumba ya kanema momwe tonsefe tinaphunzirira kugwira dzanja la mtsikana tsopano amasungiramo maboti a anthu a m'mizinda. Sitolo ya mawailesi ya pakona inayamba kugulitsa makandulo onunkhira nkhalango, m'tauni yozunguliridwa ndi nkhalango mbali zonse. Chinthu chokha chimene ndinachipeza monga ndinachisiyira ndi siling'i ija. Inali itangofiira ngati uchi wakale.

Ndinabwerera chifukwa amayi anga a Aili ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu Lamlungu, ndipo mlongo wanga wamng'ono Lorna anali ndi pulani. Maso a amayi anali atafa pakati, ankangoona za m'mphepete. Pawailesi yakanema nkhope ya munthu inkawaonekera ngati dontho la khofi. Lorna anapeza matepi akale a vidiyo m'kabati, anawasamutsira pakompyuta, ndipo pa imodzi panali bambo akulankhula ndi kuimba paphwando lokumbukira ukwati wawo. Anaganiza kuti chithunzi chikakula kudzaza khoma lonse, amayi adzawaonanso amuna awo. Anasunga ndalama zake za kuyendetsa basi ya sukulu n'kugula pulojekita, masipika asanu ndi bokosi lakuda lolemera limene limalandira zonse n'kugawa, mawu kumasipika, chithunzi kupulojekita.

"Bwerani mudzaone, aprofesa," anatero Loweruka m'mawa, akunditsogolera pamasitepe. "Muuze anzanu kunjako kuti kumudzi kuno tilinso ndi mitu."

Ndinayang'ana m'mwamba ndisanayang'ane china chilichonse. Pulojekita inali italendewera pakati pa chipinda, pabowo lakale la nyale. Panalibe bowo latsopano ngakhale limodzi.

"Chingwe chadutsa pati, iwe?"

"M'kati. Pamwamba pa matabwa a bambo anu okondedwawo." Anaseka. "Ndinatenga ndodo yanga yowedzera nsomba pa ayezi nyanja ikaundana, ndinamangirira mtovu kuulusi, ndinaponya kuchokera pabowo la nyale mpaka kukhoma. Masabata awiri ndikuwedza m'siling'i, achimwene. Sindinagwirepo nsomba yovuta choncho."

Ndinamunyadira, ngakhale sindinamuuze. Kwathu sitiyamikirana pamaso, timangothirirana khofi.

Ntchito yotsala tinagawana. Iye anagwada kuseri kwa bokosi lakuda, ine ndikumuwerengera timalemba tating'onoting'ono ta pamabowo. Waya wofiira pofiira, wakuda pakuda, sipika ya kumanzere kumanzere, ya pakati pansi pa khoma loyera. Ndinasenda mawaya ndi mpeni wa bambo, ndikupota timikuwa ndi zala, ndipo ndinadabwa kuona kuti manja anga akukumbukira zimene mutu unaiwala. Kompyuta tinailowetsa m'bokosi, chingwe chachitali chija tinachilowetsa potulukira chithunzi. Lorna anayatsa. Masipika anatsokomola, kenaka chipinda chonse chinadzaza ndi phokoso la mbale ndi kuseka kwa anthu omwe ambiri a iwo ali kumanda. Tinazimitsa msanga kuti amayi asamve m'mwambamo.

Koma khoma linangokhala labuluu ngati thambo lopanda mbalame.

"Dinani apo."

"Ndadina."

"Osati apo, inu! Mabuku onse aja simunapezemo batani?"

"M'mabuku omwe ndimawerenga ine anthu amafa ndi chikondi, osati ndi mabatani."

Tinazula, tinalowetsanso, tinazimitsa zonse n'kuyatsanso motsatana. Lorna anatukwana pulojekita m'Chifinishi, chilankhulo cha agogo chimene ife tinangotolako mawu otukwanira ndi mayina a zakudya. Kenaka ndinakwera pamakwerero, ndinazula chingwe kuseri kwa pulojekita n'kuyang'anitsitsa mutu wake. Ndine munthu wowerenga chilichonse chimene chili ndi zilembo, ngakhale pepala la m'bokosi la mankhwala. Pamutupo panali kamuvi, ndi liwu limodzi laling'ono lotanthauza kuti gwero.

"Lorna, kumutu kwakoko kwalembedwa chiyani?"

Anavala magalasi n'kuwerenga. Kumeneko kunalembedwa kuti koonetsera.

Zingwe zazifupi zimene tonse tinazolowera sizisankha, ulowetse mutu uliwonse kulikonse. Koma zazitalizi m'kati mwake muli ulusi wagalasi wonyamula kuwala, ndipo kuwalako kumayenda mbali imodzi yokha. Lorna anawedza chingwe chake mozondoka. Mutu woyenera kukhala kubokosi unali kupulojekita.

"Masabata awiri," anatero motsitsa. "Masabata awiri, n'kulowetsa nsomba chamchira."

"Tichikoke, titembenuze. Ulusi wako udakalipo."

Tinamangirira ulusi, iye n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono kukhoma, ine ndikulowetsa mutu pabowo la nyale. Chingwe chinayenda pang'ono, kenaka chinaima. Tinayesa kuchibweza, chinakana. Mutu wake unali utakodwa penapake m'kati, wosapita kutsogolo, wosabwerera m'mbuyo, ndipo ulusi wowedzera unaduka m'manja mwanga.

"Kokani mwamphamvu," ndinatero mopusa.

"Ndi galasi, achimwene. Likathyoka basi."

Ndinkadziwa pomwe chakodwa. Pakati pa mitanda ya pamwambapo bambo anakhomamo timatabwa topingasa kuti matabwa asamalire munthu akamayenda m'mwambamo, ndipo ndine ndinkawapatsira. Ndikanatha kuloza ndi chala thabwa lenileni limene mutu wa chingwe unagona pamwamba pake.

Kugula china sikukanatheka. Sitolo ya mawailesi inali ikugulitsa makandulo ake, msewu wa kutauni yaikulu unali utatsekedwa ndi chipale chofewa chimene chinagwa osapuma chiyambire Lachinayi, ndipo choitanitsa pa intaneti chikanafika phwando litatha. Tinayesa kukweza kompyuta pamakwerero n'kuilumikiza kupulojekita ndi kachingwe kakafupi. Chithunzi chinabwera, inde, koma mawu ankatuluka pakasipika ka pulojekita ngati udzudzu uli m'botolo, ndipo makutu a amayi nawo anali atatopa. Tikanawapatsa nkhope yopanda mawu kapena mawu opanda nkhope.

Lorna anakhala pasitepe. Lonjezo lija ankalidziwa, pakuti tsiku limenelo ndiye ankasesa utuchi.

"Sindikukupemphani kanthu," anatero. "Musandiyang'ane choncho. Inu munalonjeza n'kukwera ndege. Amene wakhala akulisunga lonjezo lanulo ndine. Wa magetsi anabwera, ndinamubweza. Wa mapaipi anabwera ndi sowo m'manja, ndinamuthamangitsa ngati galu wakuba. Ndiye musaganize kuti ndine ndingalidule."

Ndisanayankhe tinamva ndodo pamasitepe. Amayi ankatsika chammbali, dzanja limodzi pachitsulo, lina litanyamula mbale ya mkate wotsekemera wa nisu.

"Amayi, bwanji osaitana? Mugwa!" anatero Lorna.

"Masitepe awa ndinayamba kutsika iwe usanabadwe. Nanga mwawapeza bambo anu, kapena akubisalabe?"

"Atsala pang'ono kutuluka," anatero Lorna.

"Anali otero kumene. Kutchalitchi tinkachedwa chifukwa cha iwo." Anakhala pampando n'kukweza mutu. "Arvo, siling'i ija idakali yokongola?"

"Idakali, amayi."

"Chabwino. Ine ndinasiya kuiona kalekale, ndimangomva fungo lake kukatentha." Ananyema mkate n'kundipatsa ngati ndine mwana. "Choseketsa n'chakuti nkhope yawonso yayamba kuchoka. Ndikatseka maso ndimaona chipewa chija ndi makutu. Pakati palibe kanthu, ngati mmene ndimakuonera iweyo. Ndimati m'mutu mokha muzikhala bwino, koma ayi."

Anatero mosadandaula, ngati akunena za mtengo wa mazira. Kenaka anauza Lorna kuti awaperekeze m'mwamba, ndiponso kuti apite akatenge keke kwa mayi wina wophika makeke msewu wa m'tauni usanatsekeke nawo. Ndinatsala ndekha m'chipindamo.

Lamlungu masana chipale chinaleka. Abale ndi anthu a kutchalitchi anadzaza chipinda chapansi, majekete ataunjikidwa pakona, aliyense ndi kapu ya khofi pabondo. Amayi tinawakhazika kutsogolo, pakatikati pa masipika. Lorna anazimitsa nyale ya pakhoma, anandiyang'ana, ine n'kudina batani.

Bambo anatulukira pakhoma, nkhope yokha kutalika ngati chitseko. Makwinya onse, diso lija lotsinzina pang'ono, chipewa chili chammbali. Mawu awo anachokera kutsogolo, kuseka kwa alendo kunachokera kumbuyo kwathu, moti azakhali ena anatembenuka kufuna kuona amene akuseka. Sindinaonepo kanema womveka bwino choncho m'mizinda yonse yomwe ndinakhalamo, ndipo anamangidwa ndi woyendetsa basi ndi mphunzitsi wopuma, ndi ndodo yowedzera.

Amayi anapendeketsa mutu, kuyang'ana pambali kuti aone ndi m'mphepete mwa diso. 

"Taonani," anatero mokweza. "Sanamete. Paphwando la ukwati wake womwe, munthuyu sanamete!"

Anthu anaphulika kuseka. Amayi sanaseke, anangotambasula dzanja n'kugwira la Lorna, maso osachotsa pakhoma.

Paphwando limenelo ine kunalibe, ndinali kutsidya kwa nyanja, choncho tepiyo ndinkaiona koyamba. Bambo anaimba nyimbo yawo molakwitsa monga mwa masiku onse, kenaka wina wosaoneka anawafunsa za mwana wawo wosowa uja.

"Arvo? Ali kunjako, akuwerenga mabuku kuposa abusa. Musiyeni. Koma ndikuuzeni, mnyamata ameneyo akakhoma msomali sufunika kuuwongola."

Lorna anandigunda ndi chigongono. "Mwamva, aprofesa? Musafufume, mungathyole mpando."

Amayi analamula kuti tibwereze tepi yonse. Tinabwereza. Ulendo wachitatu anthu anali atayamba kuvala majekete, koma iwo anakhalabe pomwepo, mutu uli chopendekera, akuyankha amuna awo mawu ndi mawu. Lorna anayang'ana m'mwamba kamodzi kokha, pang'ono kutsogolo kwa pulojekita, kenaka anadzuka n'kundithirira khofi.

Loweruka lija, iye atapita kukatenga keke, ndinatsitsa sowo ya bambo pamsomali pake n'kudula thabwa la siling'i.